Ng'ombe za a Ngozo pa Tsiku la Fainolo

Ku Kandeu mukafunsa za a Redson Ngozo, anthu amayamba akufunsani kuti mukunena Ngozo uti, pakuti a Ngozo kumeneko ndi ambiri. Koma mukangoti "a Ngozo a bwalo", ngakhale mayi wogulitsa tomato amakulozerani ndi mlomo, manja ali pa ntchito. Ndi bambo wamfupi, wa miyendo yamatewe, zaka zikukankhira ku makumi asanu ndi awiri. Mpira sanaumenyepo mwaluso chibadwire, ndipo eni ake sabisa. Amati ali mnyamata ankaikidwa pagolo chifukwa kwina konse ankasokoneza anzawo.

Anapita ku Joni pa Theba m'chaka cha 1979. Pansi pa mgodi ntchito yawo inali kuyenda patsogolo pa ngolo za miyala, akuimba wezulo kuti anzawo apatuke. Lamulungu anzawo akamapita kokamwa, iwo ankakhala m'mbali mwa bwalo la mpira la pakomboni, kuonerera nkhalamba ina ya Chisutu ikutchetcha kapinga ndi kulemba mizere yoyera. Pobwerera kumudzi, anzawo anabwera ndi mawayilesi, njinga ndi majekete. A Ngozo anabwera nazonso zimenezi, koma pamwamba pake anabwera ndi nthenda: maso awo sankathanso kupirira bwalo la mabampu.

Bwalo la pasukulu ya m'mudzi mwawo linali bwalo la dzina chabe. Pakati panali chulu, cha kukona kunali chitsa cha mthethe, ndipo njira ya amayi opita kuchigayo inkadutsa pakati pa golo penipeni. Palibe anawalemba ntchito. Anangodzuka tsiku lina n'kutenga khasu, n'kuyamba kugumula chulu chija. Atatha anazula chitsa, anapatutsa njira, kenako anayamba kututa kapinga kumtsinje pa wilibala n'kumabzala mzeremzere ngati mbatata.

Akazi awo, mayi Zelesi, amene aliyense amawaitana kuti Nanyoni, sanaone chanzeru pamenepo.

"Amuna anzanu akubzala chimanga, inu mukubzala udzu," anatero. "Kodi aNgozo, ana awa adzadya udzuwo?"

Tsiku lomwelo analumbira kuti phazi lawo silidzaponda pa bwalolo, ndipo Nanyoni akalumbira sabwerera. Zaka zoposa makumi atatu zinadutsa akuzungulira kuseri kwa sukulu popita kumsika.

Kapinga uja anagwira, ndipo vuto linayambira pomwepo. Mvula ikagwa, udzu unkakula usiku ndi usana, chikwakwa chimodzi osakwanitsa. Makina otchetchera analibe, ndipo panalibe woti angawagulire. Koma anali ndi ng'ombe, poyamba ziwiri, kenako zisanu, mpaka zinafika zisanu ndi zinayi, ndipo khola lawo lili kuseri kwa mitengo ya mango, pafupi ndi bwalolo. Choncho a Ngozo anaziphunzitsa ntchito. M'mawa mame akauma ankachotsa mipiringidzo ya khola, n'kukaima pakati pa bwalo, n'kuimba wezulo wawo wa kumgodi katatu, mokoka. Ng'ombe zinkabwera pamzere, patsogolo pali nkhunzi yaikulu yakuda yotchedwa Kapitawo. Ankazigawira malo ndi chingwe, lero mbali iyi, mawa mbali inayo, kuti udzu udyeke mofanana. Zikachoka, ankayenda ndi fosholo kutola ndowe yonse n'kukathira kudimba. Kabichi wa Nanyoni ankatchuka mpaka ku Mlangeni, koma musawafunse chimene chinkamunenepetsa, angakutukwaneni.

Tsiku la mpira ng'ombezo sizinkakhala pafupi. Zinkapita pamodzi ndi za mnansi wawo, a Ian, kudambo la kuseri kwa kaphiri, kumene wezulo samveka.

Chaka chilichonse matimu a m'misika ya m'boma la Ntcheu ankalimbirana chikho, ndipo chaka chilichonse fainolo inkachitikira ku boma. A Ngozo ankakwera galimoto kukaonera, n'kubwerako atakwinya nkhope. Ankati bwalo la kumeneko lili ndi dazi pagolo ngati mutu wa nkhalamba, mpira ukadunda umapita kumene ukufuna wokha. Chimene mtima wawo unkafuna sanali kubisa. Ankafuna kuti asanafe aone ndi maso awo fainolo ikuseweredwa pa kapinga wawo, kuyambira wezulo woyamba mpaka womaliza.

Amene anawamvera anali Salimu, mwini sitolo ya malata ndi misomali pa Kandeu, yemwe anali atangolowa mu komiti ya mpikisanowo. Salimu ndi munthu woti akagwira nkhani sasiya. Anavutitsa anzake pa misonkhano itatu, mpaka wapampando wa komitiyo, a Chrispine Dzonzi, anatopa n'kunena kuti abwera adzadzionere okha.

A Dzonzi anafika pa njinga yamoto, tepi yoyezera ili m'thumba. Ndi munthu wosaseka wambawamba, woti ngakhale moni amayankha ngati akusaina. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, anayeza golo, anayeza pomenyera penate. Zonse zinali ndendende. Anagubuduza mpira kuchokera pakati, mpira unayenda molunjika osadumpha. Kenako anawerama n'kuloza pansi.

"Nanga mapazi awa ndi a chiyani, madala?"

"Ndi antchito anga amenewo, bwana," anayankha a Ngozo. "Otchetcha."

Salimu anaseka mpaka kugwira mawondo. A Dzonzi sanaseke.

"Bwaloli ndi labwino, sindikunama," anatero. "Fainolo ibwera kuno. Koma mumve bwino. Chiweto chilichonse chikangolowa mpira uli mkati, ndiimitsa masewero pomwepo, akabwerezedwe ku boma. Ndipo kuno sitidzabweranso."

Madzulo amenewo a Ngozo anafika kunyumba akuimba nyimbo ya ngoma, akuponda pansi ngati mnyamata. Nanyoni anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Walira mvula walira matope."

Milungu itatu yotsatira kunalibe mpumulo. Anakumba zimbudzi zinayi, anabwereka mabenchi kutchalitchi, anamanga chisakasa cha alendo. Salimu anapereka penti wa magolo ndi njereza ya mizere, akazi ake a Zena anasoka maukonde momwe munali mong'ambika. Matimu ofika mu fainolo anali Kachewere Yunaitedi ya ku Lizulu ndi Mphezi za ku Mlangeni. Timu ya pa Kandeu inali itatuluka kalekale mu ndime yoyamba, monga mwa mwambo wake, ndipo a Ngozo sanadandaule. Iwo timu yawo inali udzu.

Tsiku lina Salimu anabwera ndi foni m'manja, maso ali tuzu.

"Achikulire, taonani fainolo ya anzathu ku America. Mpira wake wonga papaya, osewera atavala zisoti ngati a kabaza wa njinga zamoto. Mpirawo asiyeni nawo. Koma onani zimene amachita pa nthawi yopuma! Oimba, ovina, bwalo lonse kuwala. Nafenso tikhale ndi zathu zapakati."

A Ngozo anayang'anitsitsa kafoniko nthawi yaitali. Oimba sanawaone n'komwe.

"Mizere yonseyi amalemba munthu mmodzi?" anafunsa.

Anagwirizana kuti pa nthawi yopuma padzavinidwe ngoma, bola ovinawo asaponde pomenyera penate.

Masiku asanu omaliza a Ngozo anaziletsa ng'ombe kulowa pabwalo, kuti pasakhale ndowe komanso mizere isafufutike. Zotsalira anamaliza ndi chikwakwa. Ng'ombe sizinamvetse chimene zalakwa. M'mawa uliwonse Kapitawo ankaima pakhomo la khola, makutu ali chilili, kudikira wezulo amene sanali kulira. Kenako dzulo lake la fainolo, a Ian anabwera akukanda m'mutu.

"Pepani achimwene, mawa kudambo sindipita. Zanga ndazitumiza kwa alamu. Ine ndikhale ndikuyang'ana michira ya ng'ombe anzanga akuonera fainolo?"

Mudzi wonse unali ndi maganizo omwewo, ndipo kuzisiya zokha sikukanatheka poti chimanga chinali chikadali m'minda. A Ngozo anamweta udzu wambiri n'kuunjika m'khola, anadzaza madzi m'mbiya yodula, anaika mipiringidzo inayi m'malo mwa itatu. Anaganiza za njala ya ng'ombe, anaganiza za ludzu lake. Za makutu ake anaiwala.

Loweruka limenelo, kumayambiriro kwa Meyi, Kandeu sanaonepo anthu otero. A ku Lizulu anabwera pa malole atatu onunkha anyezi, ena mwa iwo ochokera kutsidya la Mozambiki. A ku Mlangeni anabwera ndi ng'oma ndi malipenga. Ogulitsa chipisi, nzimbe ndi mandasi anazungulira bwalo lonse. M'mitengo ya mango munali anthu ochuluka kuposa masamba. A Ngozo anavala jekete lawo la ku Joni, lomwe tsopano limawakwana m'mapewa mokha, n'kukaima pakona. Salimu anawaitanira kuchisakasa, anakana. Anati pampando udzu suoneka bwino.

Ali chiimire pamenepo, anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Kumbuyo kwa gulu la amayi, pansi pa mtengo, panaima Nanyoni atavala chitenje chatsopano. Phazi lawo linali kunja kwa mzere, lumbiro silinasweke, koma maso anali pabwalo.

Woyimbira anali wochokera ku boma, mnyamata wamtali wa chifuwa chachikulu. Mpira unayamba. Kachewere inamwetsa chigoli mphindi khumi zisanakwane, a ku Lizulu anaponya mbatata m'mwamba. Mphezi zinabweza ndi mutu kuchokera pakona, ng'oma zinalira mpaka agalu anathawa. A Ngozo zigolizo anaziona ndi diso limodzi. Linalo linali pa mpira ukamayenda pansi, mmene unkatsetserekera osadumpha, ndi goloboyi akagwa n'kudzuka wopanda chilonda. Mtima wawo unadzaza chimwemwe choti anachita kugwira mbendera ya pakona kuti asavine.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi yopuma itakwana, woyimbira uja anadzaza mpweya m'chifuwa chake chachikulu, n'kuimba wezulo katatu, mokoka, kuti wapampando amve kuti boma latumiza munthu.

A Ngozo anatembenukira kukhola.

Ovina ngoma anali atalowa kale, zishango m'manja, nthenga kumutu, akuponda pansi mwaulemu wake. Kuseri kwa mango kunamveka phokoso la mtengo ukuthyoka. Anthu a mbali imeneyo anagawikana pakati ngati akupatsa njira mkwati, ndipo Kapitawo anatulukira, zinzake zisanu ndi zitatu zili pambuyo pamzere. Sizinathamange, sizinagunde munthu. Zinalowa mwa ntchito, zinafika pakati pa bwalo, n'kuweramitsa mitu kuyamba kudya.

Alendo anayesa kuti ndi zokonzekera. Nanga ngoma ndi ng'ombe si pachibale? A ku Lizulu anaomba m'manja, amayi analuluta, ovina nawonso anati pagule fumbi ndiwe mwini, anayamba kuzungulira nkhunziyo akuigwedezera zishango. Salimu anakwera pa benchi misozi ya kuseka ili mbwee, akufuula kuti, "Iyi ku America alibe!"

A Dzonzi anatsika pachisakasa pang'onopang'ono. Anawapeza a Ngozo pakati pa bwalo, atagwira Kapitawo nyanga.

"Madala, tinapangana chiyani?"

"Ndalakwa, bwana. Zamva wezulo, zayesa ndine."

A Dzonzi anayang'ana wotchi, anayang'ana khamu lija likusekabe. Pakona ya mlomo wawo panagwedezeka kanthu, koma anakabweza msanga.

"Mwayi wanu ndi woti mpira sunali mkati. Mwatsala ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Ikangobwerera imodzi, ngakhale mchira wokha, nkhani yatha."

Ochemerera a matimu onse awiri anathamangira m'bwalo ndi makatoni kutola ndowe, akutsutsana kuti yambiri yagwera mbali ya ndani. A Ngozo anatsogolera ng'ombe kutuluka. Atafika pakhola anapeza mipiringidzo iwiri yathyoka, nsanamira yazuka. Kukonza sikukanatheka msanga, ndipo wezulo anali woti alirabe kwa mphindi makumi anayi ndi zisanu. Panali njira imodzi yokha, kupita nazo kudambo la kuseri kwa kaphiri n'kukhala nazo komweko. Kutuma wina sikukanathandiza, chifukwa Kapitawo akalawa kapinga samvera munthu wamba.

Anaima pang'ono. Kumbuyo kwawo osewera anali kubwerera m'bwalo. Anavula jekete lija, analipachika pa nsanamira yotsala, n'kutenga ndodo.

Kudambo kunali zii. Kapitawo ankangotembenukira kumene achokera, a Ngozo akumutchingira ndi ndodo. Nthawi ndi nthawi mphepo inkabweretsa mkokomo wa anthu, wochepa ngati wa njuchi, ndipo iwo sankadziwa ngati ndi chigoli kapena ndi kuphonya. Anakhala pa mwala. Zinawawawa kwambiri. Zaka zonsezi akututa kapinga, akutola ndowe, akusekedwa, ndipo tsiku lake litafika iwo ali kuno kuyang'ana michira ya ng'ombe, ntchito yomwe a Ian anaikana. Anadzitonthoza kuti bola mpirawo ukuseweredwa, koma misozi sinamve zimenezo.

Sanamve mapazi. Anangoona chitenje chatsopano chaima patsogolo pawo.

"Tadzukani apo," anatero Nanyoni, akupuma mwa wefuwefu. "Munthu wamkulu kumalira pamaso pa ng'ombe?"

"Mwabwereranji kuno? Bwererani mukaonere, inu mwayamba lero."

"Ndaona zokwanira. Anthu makumi awiri kulimbirana chinthu chimodzi. Pitani inu."

"Kapitawo simungamuthe, Nanyoni. Akuthawani ameneyu."

Nanyoni anamasula kamfundo ka pachitenje. Munali mchere wosakaniza ndi madeya. Anatambasula dzanja n'kuitana motsitsa mawu, ndipo chinkhunzi chija, choopedwa ndi mudzi wonse, chinabwera chikugwedeza mchira n'kuyamba kunyambita chikhatho chawo. Zinzake zinatsatira.

"M'mawa uliwonse mukamapita kukalonjera udzu wanu, mumayesa zimakhala phee m'khola chifukwa chokukondani inu?" anafunsa. "Thamangani, bambo a Regina. Akutha anthu kumeneko."

A Ngozo anadzuka pa mwala paja. Anangoomba m'manja kawiri n'kunena kuti, "Zikomo, Nanyoni." Kenako miyendo yamatewe ija inachita zimene sinachitepo chichokereni ku Joni. Anakwera kaphiri, anatsika, anadutsa m'munda mwa a Ian osapepesa chimanga.

Anafika mpira utatha, matimu atalepherana zigoli ziwiri kwa ziwiri, akukonzekera mapenate. Salimu ndiye anayamba kuwaona n'kufuula, anthu anawatsegulira njira mpaka kutsogolo, kuseri kwa golo. Anamva kuti chigawo chonse chachiwiri woyimbira ankaimba wezulo ngati akunong'ona, ndipo pothetsa mpira anangokweza manja osaimba n'komwe.

Mapenate anamenyedwa pa kadontho koyera kamene a Ngozo anakayeza kasanu ndi chingwe. Palibe anaterereka. Anayi a Kachewere anamwetsa, anayi a Mphezi anabweza. Wachisanu wa Kachewere anamenya mwamphamvu cha kumanja, goloboyi wa Mphezi anauluka n'kuukankhira kunja ndi nsonga za zala. Kaputeni wa Mphezi anaika mpira pansi, anabwerera masitepe atatu, anaugubuduza pansipansi cha kukona. Mpira unayenda pa kapinga molunjika mpaka mu ukonde.

A ku Mlangeni anayamba kulumpha, koma woyimbira anakweza dzanja. Anayenda mpaka pamene panaima a Ngozo, wezulo ali m'manja.

"Madala, ndiimbe?"

"Imbani, mwana wanga. Imbani mokoka."

Wezulo analira katatu. Khamu lonse, opambana ndi ogonja omwe, linakhala chete n'kutembenukira ku njira ya kukaphiri. A Dzonzi nawonso anasuzumira. Mphepo inagwedeza chimanga, nkhuku ina inadutsa. Ng'ombe sinabwere ngakhale imodzi. Pamenepo bwalo linaphulika ndi mfuu yoposa ya zigoli zonse za tsikulo, ndipo a Dzonzi, anthu akuona, anaseka mpaka mano a m'mbali kuoneka. Osewera a Mphezi anawanyamula a Ngozo pamapewa chikho asanachilandire n'komwe. Iwo ankangopempha kuti awatsitse, ati anyamatawo akuponda mzere.

Atawatsitsa sanadikire zolankhula za alendo. Anabwerera kudambo, ulendo uno akuyenda, mawondo akuwakumbutsa zaka zawo. Anapeza Nanyoni atakhala pa mwala uja, ng'ombe zitagona mowazungulira, chitenje chatsopano chili ndi dovu la Kapitawo.

"Yatha bwino?" anafunsa Nanyoni.

"Yatha. Yathera pabwalo pathu."

"Ndiye awina ndani?"

A Ngozo anayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, mawu akupunthwa okhaokha, goloboyi, kaputeni, wezulo, zonse nthawi imodzi. Nanyoni anasendera n'kuwasiyira mbali ya mwalawo.

"Takhalani pansi, aNgozo," anatero. "Yambirani pamene ndinachokera ine paja. Ndipo musathamange, ndikufuna ndimve zonse."